Ulimi wa Chitsekero M'thanki ya Nsomba

Mayi a kunyumba anandipatsa masabata anayi. Anaima pakati pa balaza, yunifolomu ya kuchipatala idakali m'thupi, n'kuloza thanki yanga ya nsomba.

"Bambo a Tadala, kumapeto a mwezi uno amayi a Mvano adzapempherera muno. Chithaphwi chanuchi chikadzakhala chili chonchi, chikagona ku bini."

Ndikanatsutsa chiyani? Madzi anali obiriwira ngati msuzi wa chisoso. Ndere zinali zitamata galasi lonse. Nsomba tinkangodziwa kuti zilimo chifukwa chakudya chinkatha.

Thankiyo ndinaigula kwa mkulu wina wa ku Easterhouse, kuno ku Glasgow. Inu owerenga tsamba lino mumandidziwa, ine mtengo woyamba ndimaumva ngati moni chabe. Ndinanenerera mpaka mkuluyo anandiwonjezera nyale, zomera za m'madzi ndi botolo la feteleza wake, ndikukhulupirira pofuna kuti ndingochoka pakhomo pake.

Pabotolopo panali malangizo a tizilembo ting'onoting'ono. Koma ine, mwana wa ku Dedza, botolo lindiphunzitse kuthira feteleza? Kwathu timathira ndi chitsekero, chimodzi pa phando. Tsamba likachita chikasu, ndiye kuti chimanga chili ndi njala. Basi, sukulu yatha.

Ndiye tsamba lina m'thankimo litachita chikasu, ndinathira chitsekero chimodzi. Silinasinthe. Ndinathira ziwiri. Lachitatu wokulitsa, Lamlungu wobereketsa. Zomera zinapitiriza kufooka, koma ndere, abale, ndere zinakondwa ngati achibale a mkwati pa chinkhoswe.

"Madziwo munawayezapo?" anafunsa mayi a kunyumba tsiku lomwe anandipatsa masabata anayi lija.

"Ndimayeza ndi maso."

"Kuwodi kwathu munthu wopereka mankhwala ndi maso amaweruka tsiku lomwelo, osabweranso."

Mawa lake ndinakalowa m'sitolo ya nsomba cha ku Govan kukafunsa zoyezera madzi. Nditaona mtengo ndinachita zomwe ndimadziwa. Ndinagwira kabokosi, kukabweza, kupukusa mutu, kuyenda ngati ndikutuluka. Ku msika wa ku Limbe zikatere wogulitsa amakuthamangira, amvekere, "Bwana, bwerani tikambirane." Kuno amakutsegulira chitseko n'kukufunira tsiku labwino.

Mayi wa pakauntala, mzungu wachikulire wa magalasi a chingwe, anandimvera chisoni. Anati ndibweretse madzi pang'ono, ulendo woyamba andiyezera ulere. Liwu loti ulere ndimalimva m'chilankhulo chilichonse, ngakhale Chingerezi cha anthu a Glasgow chomwe chimathamanga ngati chathawitsa katundu.

Ndinabwerera ndi madzi m'botolo la chiponde. Mayi uja anathira pang'ono m'kagalasi, kudonthezamo mankhwala, kukhutchumula, n'kuika pafupi ndi pepala la mitundu, loyambira chikasu kukathera kofiira. Chikasu ndiye kuti m'madzi mulibe naitireti, chakudya chobiriwitsa masamba chija. Kufiira ndiye kuti wachuluka. Anga anafiira mpaka pepala linawathera. Mayi anaitana mnzake wa kuseri kuti adzaone.

"Bambo, mukulima chiyani m'menemu?"

Ndinati chimanga. Sanaseke.

Kenako anayeza china, n'kundiuza zomwe zinandivula nzeru zonse za ku Dedza. Madzi a m'mipopi ya kuno ndi ofewa, alibe mchere wa m'nthaka wokwanira. Zomera zanga sizinkafa ndi njala ya feteleza ayi. Zinkasowa kamchere kena kakang'ono, ine n'kumaziunjikira chomwe zinali nacho kale chosefukira. Zotsalazo ndere n'kumadya, nsomba n'kumapuma movutika. Safunsa adadya phula, ine ndinatsala pang'ono kudyetsa nsomba zosalakwa.

Ndili m'basi pobwerera, botolo lopanda kanthu pamwendo, ndinadzifunsa: kodi ndine ndekha?

Ndi angati mwa ife amene thupi likangotentha amati ndi malungo, ngakhale atha zaka zisanu ku Scotland osamva kulira kwa udzudzu? Mutu ukawawa timabwereka mapiritsi a mnzathu wa kutchalitchi, poti iye anamuthandiza. Kumudzi akadandaula kuti munda sukubereka, timatumiza thumba lina la feteleza, osafunsa n'komwe ngati nthakayo ikudwala china. Mwana wathu wobadwira kuno akangoti duu, wosayankhula, timamugulira nsapato zina. Zikakanika, timagula ziwiri. Kufunsa kuti "Vuto n'chiyani?" timakuona ngati kuchedwa.

Ndife anthu owolowa manja, chimenecho n'choona. Koma dzanja lowolowa lopanda muyezo limalera ndere.

Kabokosi koyezera ndinakagula, pa mtengo wawo womwewo, ndipo mtima ukundiwawabe. Koma sindinatuluke chimanjamanja. Ndinafotokozera mayi uja mwambo wa basera, kuti kwathu wogula sachoka wopanda kapamwamba. Anandidulira kanthambi ka chomera chofiirira. Ndikukuuzani, basera lafika ku Govan, ndipo analibweretsa ndine.

Kuyambira pamenepo ndinakhala mlimi wa mtundu wina. Loweruka lililonse, kuchotsa theka la madzi n'kuthira atsopano. Feteleza ndinayamba ndamuleka mpaka kagalasi kanachoka pofiira kufika pa mtundu wa lalanje lotuwa. Kenako kumuyeza ndi kasirinji komwetsera ana mankhwala, osatinso chitsekero. Kamchere kaja, kasupuni kakang'ono pa ndowa. Nyale maola asanu ndi limodzi, osati tsiku lonse ngati golosale. Sabata yoyamba panalibe kusintha, ndipo dzanja linkandiyabwa kufuna kuwonjezera. Ndinalikhalira. Sabata yachitatu ndinaona nsomba zanga maso ndi maso, zonse khumi, ndi timasamba tatsopano tobiriwira bwino.

Loweruka lapitali amayi a Mvano anabwera, atavala zoyera zawo, majekete pamwamba. Ine ndinadzipatsa ntchito yoyendetsa tiyi kuti ndimve chigamulo ndi makutu anga. Atatha kupemphera, Mayi Phiri, wapampando wawo, munthu amene sanayamikirepo mandasi a munthu wina aliyense, anaimirira n'kupita pathanki. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Zapulasitiki izi, eti?"

"Ayi, mayi," ndinatero.

Sanandikhulupirire. Anapinda mkono wa bulauzi, kupisa dzanja m'madzi n'kutsina tsamba.

"Iii, zamoyodi! Amayi, tabwerani mudzaone munda wa m'madzi!"

Ndiyeno ndinamva mawu ochokera kumbuyo kwanga, mawu a munthu yemwe uja anatchula za bini:

"Eya, timalima tokha. Chinsinsi chake n'kuyeza."

Timalima! Ndinangomwa tiyi wanga mwaulemu, poti wopambana wanzeru sakumbutsa woweruza zomwe ananena poyamba. Thanki ikhala. Ndipo alendo atapita, mayi anachotsa okha mpando womwe anauika kale kuti uziitchinga, kuti wolowa pakhomo aziyamba kuiona iyo.

Nanga inu, anzanga, m'nyumba mwanu muli chiyani chachikasu chomwe mukungochithira feteleza chaka ndi chaka? Munayamba mwachiyeza?