Tsiku Limene Namawaya Anakalipira Dziko Lonse

A ku kalabu ya mawailesi akuti Namawaya ndi wamwano. Anene, pakamwa ndi pawo. Mwana amene anayamba kulumikiza mawaya anzake akuseweretsa zidole, amene lero akudyetsa nyumba yonse ndi kabenchi kake kokonzerapo mafoni, ameneyo ndiye wamwano? Iwo anamva mphindi zitatu zokha za moyo wake. Zaka makumi atatu zinazo anali kuti?

Mayi ake atamwalira, mwanayu anakulira m'manja mwa agogo ake aamuna, okonza mawailesi. Kuwerenga anaphunzirira m'chipinda chakumbuyo, monunkha mtovu wosungunuka, pa zilembo za pa mabatire. Dzina lakuti Namawaya linachokera m'tsitsi mwake, chifukwa ukamupesa sumalephera kupezamo kachidutswa ka waya.

Agogowo mtima wawo wonse unali pa wailesi yolankhulirana, ija yofuna chilolezo, imene aliyense amakhala ndi dzina lake la pa mphepo, la zilembo ndi nambala. Masiku ano mawailesiwa anawalumikiza ndi intaneti, ndipo pali tchanelo imodzi ya dziko lonse. Ukadina batani, mawu ako amatulukira pa milongoti mazanamazana nthawi imodzi, ndipo iwe ukamalankhula, wina aliyense sangalowe. N'chifukwa chake pali mwambo, ndipo agogo anaukhomera mwa mdzukulu wawo ngati msomali. Yamba wamvetsera. Tchula dzina lako. Ukapeza mnzako, mutengane mupite ku tchanelo ina, chifukwa apa ndi pakhomo, si pogona. Mnzako akamaliza, upume katatu usanadine, kuti wochedwa naye alowe.

"Ndipo pa mphepo sitikanganirapo," ankatero. "Ukapsa mtima, zimitsa, ukamwe madzi."

Chaka chatha sitiroko inawagwira. Dzanja lamanja linafooka, lilime linalemera. Adokotala anati mawu angabwerere ngati akuwagwiritsa ntchito, koma agogo anachita manyazi ndi pakamwa pawo. Akafuna mchere ankaloza, akafuna madzi ankaloza. Chinthu chimodzi chokha ndicho ankalola kuyesa: dzina lawo la pa mphepo. Kwa miyezi inayi Namawaya ankatseka benchi masana aliwonse, makasitomala akudandaula, n'kukhala nawo chilembo ndi chilembo, akuwapukuta pakona pa mlomo. Ankawadziwa agogo ake. Akachita manyazi pagulu kamodzi kokha, sadzatsegulanso pakamwa mpaka kumanda.

Loweruka lina masana agogo anavomera kuyesa pa mphepo. Anapempha malaya osita, ngakhale wailesi ilibe maso.

Atayatsa, anapeza pali Chimlongoti, wogulitsa matayala wa kumapeto kwa msewu. Ameneyu anamanga mlongoti wotalika kuposa nyumba zonse, ndiye amaganiza kuti mphepo ndi munda wa bambo ake. Anali akufotokozera mnzake wa kutsidya kwa nyanja za bondo lake lotupa: linayamba liti, adokotala anati chiyani, mafuta ake ndi otani. Uyu akasiya batani, uyo wadina kale. Mpata wolowetsa ngakhale singano panalibe. Agogo anadikira, chala chili pa batani, thukuta likunyowetsa kolala. Theka la ola linatha.

Kenako kunangoti zii, mwina Chimlongoti anaweramira tiyi. Agogo anadina. Chilembo choyamba chinatuluka bwinobwino. Chachiwiri chinakakamira pakhosi, chala chinaterereka pa batani.

"Amene mwasiyira chidakwa wailesi, mulandeni," anatero Chimlongoti, m'chinenero chakwathu kuti apafupi amve bwino. "Pano si pa bala." N'kuseka.

Tsono mawailesi amenewa ali ndi kagalasi, ndipo munthu akadina dzina lake limalembeka pamenepo. Chimlongoti analiona. Dzina la munthu amene anamuphunzitsa kusiyanitsa waya wamoto ndi wozizira, analiona ndi maso ake awiri.

Agogo anaika wailesi pa tebulo pang'onopang'ono, n'kuikankhira kutali. Kenako anayamba kumasula mabatani a malaya.

Namawaya ataona zala zija zikulimbana ndi batani la pakhosi, mutu unatentha. Madzi sanamwe. Anatsomphola wailesi ija.

"Iwe Chimlongoti, iwe! Usaname kuti sunaone, dzina lalembeka pamphuno pako pomwepo. Chidakwa ndi ndani? Amene anakumanga chala utapsa ndi mtovu, ukulira ngati mbuzi? Kuyambira masana bondo, bondo, bondo! Anthu a m'zilumba akulidziwa, a kumayiko a chisanu akulidziwa, kodi ndi bondo la golide? Pakamwa ngati tayala loboola, mphepo yokhayokha! Munthu wayesa miyezi inayi kuti anene zilembo zisanu, iwe kupuma katatu kokha kwakukanika? Udzakalamba, wamva? Lilime lakolo lidzalemera, ndipo ndidzabwera ndi mpando wanga kudzakumvetsera!"

Sanalekere pomwepo. Anafika pa matayala ake osachedwa kutha, anafika pa mlongoti wopindika, anafika ngakhale pa ndevu. Makina a tchaneloyi amadula munthu akapitirira mphindi zitatu, ndipo ndi makinawo amene anamuletsa, osati mpweya.

Patapita kanthawi, bambo wina wa kutali anafunsa mwaulemu ngati kumeneko kwachitika ngozi, ndipo ngati atumize thandizo.

"Bwe... bweretsa."

Namawaya anatembenuka. Agogo anali atatambasula dzanja lamanzere, maso ali psuu. Chiyambire matenda aja anali asanamuyang'anepo choncho.

"Bweretsa kuno, iwe!"

Anawapatsa. Agogo anapuma katatu, n'kudina. Dzina lonse linatuluka, zilembo ndi nambala yomwe, lokokakoka koma lathunthu. Kenako m'chinenero cha pa mphepo, chimene akutali amamva, anati: "Ngozi palibe. Pepani nonse. Uja ndi mdzukulu wanga. Ndinamuphunzitsa bwino kuposa apa." Anapumanso. "Wogulitsa matayala, tiye ku tchanelo ina. Tikalankhule."

Chimlongoti sanapite. Mlongoti wonse uja, kulimba mtima kopita kukakumana ndi nkhalamba yodwala kunalibe. Amene anapita ndi mayi wina wa kutali kwambiri, amene anacheza ndi agogo za nyengo, akuwadikira pa liwu lililonse.

A kalabu anabweretsa kalata yomuletsa Namawaya kwa mwezi wathunthu. Wonyoza uja sanamulembere ngakhale kapepala. Akuti iye sanatchule munthu dzina. Chilungamo cha amuna ovala mataye chimenecho!

Koma kalatayo inabwera Lachitatu. Loweruka lomwelo, atangozimitsa wailesi, agogo anamukhazika Namawaya pa mpando wa makasitomala.

"Wandi... chititsa manyazi. Dziko lonse."

"Agogo, ndiye ndikanangokhala chete?"

"Chete, eya!"

"Munthu akukutchulani chidakwa?"

"Mwano wake ndi wake. Iwe ndiwe wanga." Anamenya tebulo, timisomali tinadumpha. "Mphindi zitatu! Pakhomo pa anthu! Ndipo dzina lako... sunatchule n'komwe. Ndani anakuphunzitsa kulowa ngati mbala?"

Namawaya anawerama, akuwerenga mumtima mawu a agogo ake. Mawu khumi, makumi awiri, makumi atatu, ena opindika, ena osweka, onse akutuluka.

"Ukuseka? Ndikukalipa, iwe ukuseka?"

"Ayi agogo, sindikuseka," anatero akupukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Kungoti sindinamve bwino. Tayambiraninso."