Buku Limene Ndinkakulungira Mtedza

Chaka chimene mwana wanga anakana kuyenda, ndinkagulitsa mtedza wokazinga ku Limbe, pakhonde la sitolo ina ya nsalu. Ndinkachoka ku Chilobwe m'mawa, mwana kumsana, beseni pamutu. Anzake obadwa nawo nthawi imodzi anali atayamba kale kuthamangitsa nkhuku, koma wangayo ukamuimika miyendo inkangopindika, iye n'kukhala pansi, n'kumandiyang'ana akuseka. Ine kuseka kunali kutandithera.

Apongozi anga anali atagamula kale kuti ndi tsempho. Paja amati mwana akadali wakhanda, kholo limodzi likayenda ndi munthu wina kunja kwa banja, mwanayo amafooka. Ndiye poti mwana wawo wamwamuna sangalakwe, maso onse anali pa ine. Anati kuchipatala n'kutaya nthawi, akadzabwera kuchokera kumudzi adzamutenga mwanayo kuti akamusambitse mankhwala, ine ndidzatsale. Mantha anga anali amenewo, kuti andilanda mwana. Mayi aliyense wa duku akamatsika minibasi ndinkamuyang'anitsitsa mpaka adutse.

Mtedzawo ndinkauika m'timapepala topinda mosongoka kunsi. Mapepala ankandipatsa bambo wina woyala mabuku akale m'mbali mwa msewu, mabuku aja othothoka zikuto oti palibe angawagule. Ambiri anali a Chingelezi, ena a masamu, ine osawayang'ana n'komwe, paja sukulu ndinalekera sitandade sikisi. Ndipo tonse ogulitsa timadziwa kuti buku umayamba kung'amba kumbuyo, kumene ulusi wake umamasuka msanga, tsamba limachoka lathunthu.

Tsiku lina ndikung'amba choncho, ndinaona kuti buku limene ndinagwira ndi la m'chilankhulo chathu, chija akuluakulu amati Chinyanja, mapepala ofiirira, onunkha ngati m'sutikesi yakale. Diso linagwera pa mawu akuti tsempho. Ndinawerenga ndikuloza ndi chala. Munali mayi wina, mwana wake wadwala, mudzi wonse ukumuloza kuti wamusempha, ndiye iye wanyamula mwanayo, akutsata njanji wapansi kupita kuchipatala cha mishoni. Ndinatembenuza kuti ndione ngati anafika. Kunalibe kanthu. Mapeto onse ndinali nditagulitsa kale pamodzi ndi mtedza, ena akwera minibasi za ku Bangwe, ena ali m'ngalande.

Panali madala ena a ku Naperi, opuma pa ntchito ya mu ofesi, amene ankagula kwa ine pafupifupi tsiku lililonse. Ankavala jekete ngakhale kutenthe, ndipo akatha mtedza ankatambasula kapepalako n'kuwerenga. Tsiku limenelo anasiya kutafuna.

"Mwana wanga, ichi wachitenga kuti?"

Ndinaopa, ndinkayesa anena kuti ndaba. Ndinawaonetsa chotsalacho. Anachigwira ndi manja awiri.

"Ili tinkawerenga tili anyamata. Aphunzitsi ankatiimika kutsogolo mmodzimmodzi. Ine ndinkayesa linatha ndi chiswe."

"Analemba ndani, agogo?"

"Dzina landithawa. Anali munthu wakuda ngati ife, mphunzitsi."

"Nanga mwanayo anachira?"

"Anamwalira, akuwoloka mlatho."

Koma amayi ogulitsa nthochi, amene ankakhala pambali panga, anaponya khoko pansi.

"Bodza, madala, musaopseze mwana wa eni. Anachira. Ife masisitere ankatiwerengera tikuphunzira kusoka."

"Ndiye vuto lanu Akatolika, kuwerengeredwa. Ife tinkawerenga tokha."

"N'chifukwa chake munkagonera pakati."

Kuyambira pamenepo bukulo sindinaling'ambenso. Makasitomala akachepa ndinkawerenga kuyambira koyamba, pang'onopang'ono, mwana akuyamwa, diso lina lili pa siteji. Ndinkadabwa. Ine ndinkayesa za m'chilankhulo chathu ndi Baibulo, nyimbo za kutchalitchi ndi mabuku a ana asukulu basi. Sindinkadziwa kuti kalekale munthu anakhala pansi n'kulemba za mkazi wosauka, mpaka kulemba kuti zidendene zake zinali zong'aluka, kuti ankatafuna nzimbe n'kumalavulira madzi ake m'kamwa mwa mwana. Anazionera kuti mwamuna ameneyo? Kodi anali mlongo wake? Mayi ake?

Mawu ondivuta ndinkawasungira madala aja. Machila n'chiyani? Iwo amvekere ndi nsalu yomangirira pamtengo imene anthu ankanyamuliramo azungu. Ine ndinaseka, ndinati azunguwo analinso ndi miyendo yofooka? Amayi a nthochi anaseka mpaka kutsokomola. Penapake mayi wa m'bukuyo anafika pa Limbe, ndipo akuti panali siteshoni ya sitima, mitengo ya bulugamu ndi timasitolo towerengeka.

"Limbe yemweyu?"

"Yemweyu. Mwina anapumira pamene wakhala iwepo."

Ndinayang'ana pansi, ngati ndiona mapazi ake.

Madala aja anakafunsa anzawo kutchalitchi, amayi a nthochi anakafunsa akulu awo ku Chimwankhunda. Wina ati anachira, wina ati ayi, wina ati bukulo alikumbuka koma munali za njala. Wogulitsa mabuku anati lina ngati limenelo sanalionepo. Ine tsiku ndi tsiku funso langa linali lomwelo.

Ndiye tsiku lina amayi a nthochi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amake mwana, inu mukufunsa za mwana wa m'buku, kapena za uyu?"

Anamutenga m'manja mwanga, anamuimika pamiyendo pawo, iye n'kupindika. Ndinawauza zonse, mawu akuthamangitsana, za tsempho, za apongozi, za bambo ake amene ankangoti tidikire amayi abwere. Madala aja, amene analipo, anapukuta magalasi awo.

"Mapeto mwina ndawasokoneza," anatero. "Koma chimodzi ndikuchikumbuka bwino. Aphunzitsi anatifunsa ngati mkaziyo analakwa kuchoka osatsanzika apongozi ake. Kalasi yonse tinati analakwa, ngwamwano."

"Nanga lero mukuti bwanji?" anafunsa amayi a nthochi.

"Lero ndikanamunyamulira katundu."

M'mawa mwake sindinauze munthu kunyumba. Beseni ndinawasiyira amayi a nthochi, ine n'kukwera minibasi ya ku chipatala chachikulu. Pamzere ndinkangotembenuka, ngati wina andigwira phewa. Anamwino anamupinda miyendo, anamuwongola, anandifunsa ngati anachedwa kulira pobadwa. Ndinati eya, anachedwa. Palibe anali atandifunsapo zimenezo. Ananditumiza kuchipinda china chokhala ndi mphasa ndi mipira ikuluikulu, kumene anandiphunzitsa kumuwongola miyendo ndi kumuimika atagwira mpando, n'kundiuza kuti ndizibwera naye sabata iliyonse osadumphitsa. Za kuyenda anati tiona, n'zotheka, koma zimafuna mayi ake pafupi.

Apongozi anafika mvula itayamba. Anakhala pamkeka, ine ndinagwada, ndinawapatsa moni. Atamwa tiyi anati ndilongedze zovala za mwana.

"Amayi, mwana sapita. Ali ndi masiku ake kuchipatala."

Iwo anayang'ana mwana wawo, mwamuna wangayo, kudikira kuti andidzudzule. Iye anayang'ana pansi, kenaka anati ndi zoona, anandiona ndikumuwongola miyendo, ndipo dzana mwanayo anaima yekha atagwira bedi.

Anakhala nafe masiku angapo osandilankhula, akumayang'ana chamseri ndikamamuimika mwanayo. Tsiku lopita ndinawaperekeza kudepoti, mwana ali kumsana kwanga. Basi itatsala pang'ono kunyamuka anatulutsa dzanja pawindo, anamugwira phazi, n'kunena kuti ndizimuveka masokosi, kwazizira.