A Sumaili ndi silinda ya ku labotale

A Sumaili a ku Chilobwe anyamula masilinda a gasi pa sitolo ya a Irfan ku Limbe kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sukulu analekezera Sitandade 6, koma silinda akangoitukula amakuuzani makilo omwe atsalamo. Owotcherera zitsulo a ku Manja satsutsana nawo.

Mwa makasitomala awo munali labotale ina ya kafukufuku mu Blantyre. Kumeneko a Beatrice, mayi wa ku Nsanje, ankasunga maselo a khansa ya m'matumbo m'timabotolo ta madzi ofiirira. Maselowo anachokera kunja, ndipo anawadikira miyezi isanu ndi itatu. Ankakhala m'kabati yofunda ngati thupi la munthu, yolumikizidwa ku silinda yaing'ono ya mpweya uja amathira m'zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mpweyawo ukatha, maselo amafa.

"Ndiye matenda mumachita kuweta ngati nkhuku?" a Sumaili anafunsa tsiku loyamba.

"Timayeserapo mankhwala, bambo. Sitingayambire pa munthu."

Kuchokera pamenepo silinda ya kumeneko sankatuma wina kukaisiya.

Lachinayi loti mawa lake tchuthi cha Pasaka chiyamba, anadzasiya katundu wina pa labotalepo. Potuluka anaitukula pang'ono silinda ija, mwa chizolowezi chabe, n'kuima.

"Mayi, iyi siifika Lachiwiri."

"Munaibweretsa nokha Lachisanu lapitali," anatero a Beatrice, chikwama chili kale paphewa. "Onani geji, muvi sunasunthe."

"Gejiyo ikukunamizani. Mkatimu gasi amakhala ngati madzi, ndipo muvi sugwa mpaka madziwo ataphwa. Udzagwa inu muli ku Nsanje mukudya mlamba."

"Iii, mwasanduka pulofesa tsopano?"

"Wa zitsulo. Tabweretsani sikelo."

Anabwereka sikelo yoyezera anthu m'chipinda choyandikana. A Sumaili anamasula paipi, n'kuloza manambala odindidwa pakhosi pa silinda: yopanda kanthu imalemera makilo khumi. Sikelo inaonetsa khumi ndi awiri.

"Inabwera ndi makilo asanu ndi imodzi a gasi. Anayi apita m'masiku asanu ndi limodzi. Awiriwa akufikitsani Lamulungu basi."

A Beatrice anatula chikwama pansi.

"Komanso kabati imodzi singadye chonchi," a Sumaili anapitiriza. "Pali pomwe pakutuluka."

Anabwezera paipi, n'kupaka thovu la sopo wa m'manja polumikizira. Thovulo linayamba kufufuma. Kamphira ka mkati kanali katang'ambika.

Nthawi inali itadutsa folo, ndipo a Irfan amatseka faifi. A Sumaili anawaimbira foni.

"Bwana, musakhome geti. Ndikubwera kudzatenga yodzadza ndi kamphira katsopano."

"Mawa sikucha, a Sumaili?"

"Kucha, koma mwini labotale akhala atapita."

Anadutsa mumsewu wa Chipembere magalimoto atathithikana, n'kubwerera dzuwa likadalipo. Anamanga, anapakanso sopo, thovu linangokhala phee.

Lachiwiri m'mawa anabwera ndi silinda yachiwiri yoti izikhala podikira. A Beatrice anawakodola, n'kuwaimika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. A Sumaili anatsinzina diso limodzi. Anaona timadontho tothinana ngati miyala yoyala pakhonde.

"Ndi timeneti? Tonse tili moyo?"

"Tachulukana mpaka botolo lachepa. Lero ndikugawa m'mabotolo atatu."

"Atatu," anatero a Sumaili akuwongoka. "Ndiye sikelo ija musabweze. Muziyeza Lolemba lililonse."