Timaenje Tosafanana ta Eun-sil

Inu amene mayeso anakugwetsani chagada, tamvani za Pyo Eun-sil wa ku Daejeon, m'dziko la South Korea.

Tsiku limene analephera kachitatu mayeso olowera ku yunivesite, mayi ake anati wamulodza ndi msuzi wa ndere za m'nyanja umene anamwa m'mawa, poti kwawoko zoterera sizidyedwa tsiku la mayeso. Eun-sil ankadziwa kuti msuziwo unalibe mlandu. Analira mpaka maso kutupa, kenako anapita kukafuna ntchito.

Anaipeza mu labotale ina, yotsuka mabotolo. Kumeneko ankapanga kachipangizo kosungira zinthu za m'kompyuta. Kasingano kosaoneka ndi maso kamaboola timaenje pa pulasitiki, ndipo makina amawerenga pamene pali dzenje ndi pamene palibe. Nkhondo yonse inali yopanikiza timaenje tambiri pamalo ochepa, koma akatiyandikizitsa, dzenje latsopano linkakwirira linzake.

Eun-sil anapempha kuti amuphunzitse kuyendetsa makinawo. Anamulola, koma timaenje take tinkatuluka tosafanana, tina takuya, tina tosaya.

“Iwe, ukuboola kapena ukulima?” ankatero a Bang, dokotala wa sayansi amene pakamwa pake sipankauma.

Ntchito ya Eun-sil a Bang ankaitaya. Iye ankaitola, n'kumayeza dzenje lililonse ndi kulemba m'kope nthawi ya nkhomaliro, mpunga uli pambali kuzizira. Anachita zimenezi zaka ziwiri osauza munthu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako akuluakulu ananena kuti gulu la ofufuza a m'labotaleyo silikupita patsogolo, ndipo pofika Malichi litsekedwa. Eun-sil zinamuwawa kwambiri, chifukwa kunja kuja munthu wopanda digiri sakanaloledwa kukhudzanso makina otere.

Pamsonkhano wa Lolemba, wamng'ono amakhala kukhomo, ntchito yake n'kuthira tiyi. Koma tsiku limenelo Eun-sil anaika ketulo pansi n'kuwerama pamaso pa mkulu wa gululo, Pulofesa Namgung.

“Pepani a Pulofesa, ndikudziwa kuti si malo anga. Singano ija imatha kusiyanitsa dzenje losaya, lapakati ndi lakuya. Bwanji tisiye kuwapanikiza, koma kuzama kwa dzenje kuzinenanso kanthu?”

A Bang anaseka kuti wotsuka mabotolo wayamba kuphunzitsa madokotala. A Pulofesa sanaseke nawo. Pokhala mayi wosathamanga, anatenga kope la Eun-sil n'kuwerenga tsamba ndi tsamba mpaka tiyi anazizira.

“Ndakupatsa masabata atatu. A Bang akuthandiza.”

Sabata yoyamba zinakanika, singano zinabuntha. Yachiwiri a Bang anasiya nthabwala n'kuyamba kufunsa mafunso. Yachitatu, malo omwe aja anasunga zinthu kuwirikiza kawiri, popanda kusuntha dzenje ndi limodzi lomwe.

Gululo silinatsekedwe. Eun-sil sanalemere, ndipo mbiri yake simungaimve pa wailesi. Akadali pa makina omwewo, Loweruka amapita kukalasi, ndipo ophunzira a digiri amaima pakhomo pake kudikira kuti awaonetse kagwiridwe ka singano. Ndinamufunsa ngati akudandaulabe za mayeso aja. Anati alibe nthawi.

Ndiye inu amene anakuuzani kuti zimene mumachita n'zolakwika, musafulumire kuzitaya. Zitoleni, muziyang'anitsitse, ndipo tsiku lolankhula likafika, imirirani ngakhale mpando wanu uli kukhomo. Mtima usagwe.