Injini ya ku Chikwawa pa chitunda cha Bembeke

Lachiwiri lapitali galimoto yanga inandichititsa manyazi pa chitunda chotulukira ku Bembeke. Inatsokomola, n'kutulutsa utsi wakuda bii, kenako zii, amayi osenza kabichi akundipitirira wapansi. Mmodzi anachita kundifunsa mwaulemu ngati ndinali ndi uthenga woti akandisiyire ku boma.

Uthenga ndinali nawodi. M'thumba la jekete munali kalata imene ndinalemba monga mphunzitsi wamkulu, yopita ku ofesi ya maphunziro. Inali yokhudza a Khembo, mphunzitsi amene anasamutsidwira pasukulu pathu kuchokera ku Nsanje mwezi wa Epulo. Ndinalembamo kuti amachedwa m'mawa uliwonse, kuti phunziro loyamba salemba kanthu pabolodi, ndiponso kuti sakhala pamodzi ndi anzawo. Nonse mukudziwa kuti masiku ano kalata yotere ikalowa m'fayilo ya munthu situlukamonso. Mawu akuti "sakhala pamodzi ndi anzawo" ena amawamva mwanjira ina, ndipo ntchito ya munthu imathera pomwepo.

Koma tiyambe ndi galimoto.

Injini yake yakale itafa, alamu anga anandipezera ina ya galimoto imene inagubuduzika ku Chikwawa, ya mtundu womwewo. Makaniko wa pa boma anaimanga bwinobwino. Chiimangireni, mtendere palibe. Ikaima imanjenjemera ngati munthu wa malungo, petulo imamwa mosaganizira mwini wake, ikaona chitunda imafooka. Tinasintha mapulagi kawiri. Tinasintha mapoyinti. Wina anati petulo ali ndi madzi, tinatsuka thanki yonse. Mayi a kunyumba anati, "Anakugwirani m'maso, bambo, mwagula chakufa." Ine mlandu ndinali nditaugamula kale: injiniyi ndi yaulesi, basi.

Tsiku la manyazilo anthu anandithandiza kuikankha mpaka pakhomo pa a Filipo, mkulu wina amene anayendetsa malole a mishoni zaka zambiri asanapume. Tinawapeza akukumba mbatata ya kachewere. Anasamba m'manja mosafulumira, anatsegula boneti, n'kumasula pulagi imodzi. Inali yakuda ndi mwaye.

"Yatsopano imeneyi?" anafunsa.

"Ya sabata yatha."

Anandiuza kuti ndiilize, iwo n'kupita kumbuyo kukanunkhiza utsi. Atabwerako anandifunsa funso limene pa mwezi wathunthu panalibe anafunsapo.

"Ahedi, injiniyi inkakhala kuti?"

"Ku Chikwawa."

Anagwedeza mutu. "Ndiye mukuiimba mlandu wanji? Kuchigwa kuja mpweya ndi wokwanira. Kuno kumapiri ndi wopepuka. Kabureta wake, amene amasakaniza petulo ndi mpweya, anamutchera za kwawo. Akuthira petulo wa ku Chikwawa mu mpweya wa ku Dedza. Ikutsamwa iyi, siyofa ayi."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi chitini cha tizitsulo. Anachotsa jeti, kachitsulo kabowo kodutsa petulo, n'kuikapo ka bowo laling'ono. Kenako anatsamira pa injini khutu lili tcheru, akupotoza kasikulu pang'onopang'ono mpaka kunjenjemera kunaleka. Sindinama kuti yasanduka yatsopano. M'mawa kukazizira imayamba yanyinyirika ndithu. Koma chitunda chija inakwera osatsokomola.

Ndili pamwamba pa chitundapo ndinaimitsa galimoto. Kalata ija inayamba kundilemera m'thumba.

Taganizani, abale. Chaka chilichonse aphunzitsi, anamwino, makalaliki ndi alangizi a zaulimi amanyamulidwa uku n'kuikidwa uko, ndipo nzabwino, dziko ndi limodzi. Koma ife owalandira timatani? Timawaonetsa nyumba, timawapatsa makiyi, mawa lake tikufuna ayende ngati anabadwira pano. Akatsokomola timayamba kusintha mapulagi: chenjezo loyamba, chenjezo lachiwiri, kalata ku boma. Ndi angati mwa ife amene timafunsa kuti munthuyu ankakhala kuti? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chondiwawa n'chakuti pa nkhani ngati izi wosafunsa ndi wina, wodya phulayo ndi winanso.

Alesi alipo, musandimve molakwa. Ndagwira nawo ntchito, ndipo ena ndinawalembera makalata amene mpaka lero sindinong'oneza nawo bondo. Koma aja ndinkawadziwa. A Khembo ndinakhala nawo miyezi itatu osapondako pakhomo pawo.

Ndinatembenuza galimoto. Masana omwewo, ana ataweruka, ndinakagogoda kwa a Khembo. Anandilandira mwamantha, n'kundipatsa mpando umodzi wokhawo umene unalipo. Nyumba imene tinawapatsa ndi ya kumapeto ija, yoyang'ana kumene kumachokera mphepo, zenera lina lopanda galasi. Ndine ndemwe ndinasaina kuti ndi yabwino.

Ndinawafunsa za kuchedwa.

"Ahedi, mabulangete tinabwera nawo awiri. Kwathu ndi okwana, mwinanso kutsala. Kuno ndimafunditsa ana, ine ndi mayi awo timagawana nsalu. M'mawa ndimayamba ndaotha moto kuti zala ziwongoke. Choko sichigwirika mpaka dzuwa litakwera."

"Nanga bwanji simukhala ndi anzanu pa nthawi yopuma?"

Anayang'ana pansi. "Ndikatsegula pakamwa amaseka kalankhulidwe kanga. Ndinaona kuti kuli bwino ndizikhala m'kalasi."

Ndinakumbukira kuti tsiku lawo loyamba, atapereka moni wa Chisena, ine ndinaseka nawo. Ndinachita manyazi oposa a pa chitunda paja.

"Bwanji simunanene zonsezi?"

"Sindinafune kuoneka wodandaula ndili mlendo. Ndinkati mwina mudzafunsa."

Galasi taliika. Mabulangete awiri achoka kunyumba kwanga, mayi a kunyumba akung'ung'udza koma ndi iwo amene anasankha okhuthala. Kalata ndinaiotcha. Ngati a Khembo adzachedwabe mu Okutobala kukutentha, ndidzalemba ina, ndipo ndawauza zimenezo pamaso.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Injini ija ikanakhala kuti inayenda bwino Lachiwiri, kalatayo ikanafika ku boma nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Inu ahedi anzanga, inu akapitawo, inu asisitala a m'zipatala, amene galimoto zanu sizizima pa chitunda: mwapereka makalata angati onena za anthu amene simunalowepo m'nyumba zawo?