Si Mafuta, Ndi Madzi

Akazi anga ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, nkhope inadzadza, nsapato zinakana kulowa. Ine ndinakondwa. Lamulungu lina kutchalitchi kwathu ku Nkhunga ndinachitira umboni kuti Yehova, amene anadyetsa Eliya ndi makungubwi, wanenepetsa akazi anga. Mpingo unati ameni.

Lachitatu lake ndinawaperekeza kusikelo, mutu ukuwapweteka. Anamwino anawayeza bipi kawiri, kenaka anawadina mwendo ndi chala. Panatsala dzenje.

"Bambo, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimathirira nzimbe."

"Ndiye mumva msanga. M'magazi muli kanthu kamene kamakulitsa mitsempha ndi kuisamala, ngati munthu wolambula ngalande. Nsengwa ya mayiwa, imene mwana amadyera m'mimbamo, ikuvutika, ndiye ikutulutsa china chimene chikumumanga manja wolambulayo. Ngalande zachepa, madzi akutayikira m'mbali. Awa si mafuta, ndi madzi. Tikachedwa titaya mayi ndi mwana yemwe."

Ndinapemphera ngati Petro pomira m'nyanja, mwachidule kwambiri. Akazi angawo anawagoneka m'chipatala, anawapatsa mankhwala, ndipo patatha masiku atatu kunabadwa mwana wamkazi, wochepa thupi koma wa mawu ngati lipenga la ku Yeriko.

Apongozi anafika patapita milungu iwiri, kutupa konse kutatha. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Akamwini, mwana wangayu mumamudyetsa koma?"

"Timayesetsa, amayi," ndinatero, mumtima ndikuyamika Mulungu chifukwa cha fupa lililonse limene linkaonekalo.