Kabuku ka agogo kafika kubwalo

Mwaswera bwanji nonse kumeneko?

Tangochoka kubwalo la amfumu, pa mlandu wolimbirana dimba lathu la ku Elephant Marsh lija. Amalume aZuze anatenga kabuku ka malemu agogo Jimu, kaja timakasunga m'nsalu yoyera. Tonse tinakula tikumva kuti malire a dimba analembedwa mmenemo, koma chifukwa cha ulemu palibe anakatsegulapo.

Mlembi wa bwalo atakatsegula, anayamba kutsokomola. Za dimba mulibe! Zaka zana zapitazo, agogo akuphikira Azungu m'sitima za pa Shire, ankalembamo zining'a za Chingerezi ndi matanthauzo ake.

Mlembi anawerenga mokweza: "Mvula ikachuluka, Mzungu amati kukugwa amphaka ndi agalu. Usamutsutse. Ingovomera, ukaanule zovala."

Anthu kuseka mpaka misozi. Amalume anaimirira, thukuta lili kamukamu: "Pitirizani, malire ali kumapeto!" Mlembi anapitiriza mpaka tsamba lomaliza, malire osapezeka. Amalume anangokhala pansi n'kupempha madzi.

Mlandu auimitsa mpaka Lachisanu. Azakhali, inu munalimako muli mtsikana, malire enieni mukuwakumbukira? Apo ayi, umboni wathu ndi amphaka ndi agalu basi.